Mayeso a pa Foni ku Bua

Nditamaliza digiri yanga ya sayansi ku Zomba, ndinabwerera kwathu ku Nkhotakota kukaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina kwa Malengachanzi. Matipate anali atangolowa kumene. Pamsika anthu ankavala nsalu za zipani mosayang'ana kumbuyo, ndipo aliyense anali ndi chake chimene ankati tsopano chitheka. Changa chinali udokotala.

Ndinaulakalaka kuyambira ndili ku pulayimale. Koma pamene ankasankha ophunzira ochepa oti akachite udokotala, dzina langa silinatuluke. Kemisitiri ndi amene anandigwetsa. Ndinapitiriza sayansi wamba mpaka kumaliza, mtima uli kwina.

Bambo anga anali telala. Ankasoka makanzu ndi mayunifolomu pakhonde la golosale ina pa boma. Zakuti sindinasankhidwe iwo sanazilowetse m'mutu. Kwa iwo, mwana wamkazi amene wakhala zaka akuphunzira za magazi ndi tizilombo ndi dokotala basi. Lachisanu akamatuluka mumzikiti, wina akadandaula za matenda, iwo ankati, "Kamuonetseni mwana wanga uja." Ndipo anthu ankabweradi.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Kanyenda ndi mwana wake wamkazi amene ankakodza magazi. Pasukulu tinali ndi maikulosikopu imodzi yakale, ya kagalasi kotengera kuwala kwa dzuwa. Ndinaiika pawindo, ndinayang'ana mkodzo wa mwanayo, ndipo mazira a likodzo anali pomwepo, aliyense ndi kaminga kake kunsonga. Matendawo ndinawadziwa, dzina la mankhwala ndinalidziwa. Ndinawauza mayiwo kuti apite naye kuchipatala.

"Ndiye inu mwaona, koma mankhwala simungapereke?" anafunsa.

"Sindiloledwa, mayi. Ndine mphunzitsi."

Anandithokoza mwaulemu, anamanga nsalu, nkumapita. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mitengo ya mango, ndipo tsiku limenelo ndinaphunzitsa ngati munthu wobwereka pakamwa.

Njira ina anandionetsa ndi mayi amene anandiphunzitsa ku Zomba. Anabwera kunyanja kudzatola nkhono za kafukufuku wawo, ndipo anandipeza kusukulu. Titakhala pansi pa mtengo, ndinawauza zonse. Iwo anati ku South Africa, kumene zinthu zinali zitangosintha, kuli mayunivesite ophunzitsa masitazi, digiri yachiwiri, ya sayansi ya zamatenda, ndipo amene wakhoza bwino amatha kufunsira malo a udokotala pambuyo pake.

"Si njira yachidule," anatero. "Ndi yozungulira, ndipo si onse amene amafika. Koma ilipo."

Mawu akuti ilipo ndi amene ndinamva. Enawo ndinawasiya pomwepo pansi pa mtengo.

Kufunsira malo kunanditengera teremu yonse. Ankafuna kuti ndilembe chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowo. Ndinalemba, nkung'amba, nkulembanso, chifukwa m'Chingerezi zonse zinkamveka ngati za munthu wina. Ndinataipa pa taipilaita ya sukulu ana ataweruka. Ndinakajambulitsa zithunzi pa boma nditavala bulauzi imene bambo anasoka dala. Nditaponya envulopu kupositi, mvula inayamba, ndipo ndinadikira dzinja lonse. Mpunga unadzalidwa, unakula, unayamba kucha. Kenako yankho linafika: akufuna kundifunsa mafunso pa foni, ndiwapatse nambala.

Kusukulu kwathu kunalibe foni. Ya kupositi inali pamalo a phokoso, anthu ali pamzere kumbuyo kwako. Koma bwana wa ofesi ina yogula mpunga kufupi ndi mtsinje wa Bua ankasoketsa zovala kwa bambo, ndipo anavomera kuti tigwiritse ntchito yake.

Tsikulo bambo anafunditsa makina awo nsalu. Sindinawaonepo akutero pakati pa sabata. Anavala kanzu yoyera ndi kofia, ndipo tinakwera matola limodzi. Tinafika m'mawa ndithu. Panja alimi anali atayanika mpunga pa malona, fungo lake likulowa mpaka mu ofesi. Bwanayo anandipatsa mpando wake, iye nkutuluka. Bambo anakana kukhala. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

Foni inalira koyamba, ndinaigwira mwamsanga. Anali munthu wa ku Salima wofunsa za matumba. Bambo anaseka pang'ono, inenso ndinaseka, ndipo mantha anachepa.

Italiranso, anali a ku yunivesite aja. Anali anthu atatu, mawu awo akuchedwa kufika ngati akuchokera pansi pa chitsime. Anandifunsa za malungo, za mmene kachilombo ka likodzo kamachokera mu nkhono nkulowa mwa munthu, za mmene ndimasamalirira zipangizo kopanda magetsi. Zimenezo ndinayankha mosavuta, poti ndinkakhala nazo tsiku ndi tsiku. Kenako bambo wina wa mawu otsika anati, mwalemba kuti cholinga chanu ndi udokotala. Nanga mutamaliza maphunziro athuwa, ku udokotala osakutengani, mudzakhutira?

Panja wina ankapirikitsa nkhuku pa mpunga. Ndinkadziwa yankho limene likanawasangalatsa, koma silinatuluke.

"Sindidzakhutira," ndinatero. "Koma ntchitoyo ndidzaigwira bwino."

Mmodzi wa iwo anati zikomo, tidzakudziwitsani.

Bambo Chingerezi sankachimva. Nditaika foni pansi anafunsa, "Akuti bwanji?"

"Akuti adzandiuza."

"Walankhula bwino. Sunachite chibwibwi ngakhale pamodzi."

Pobwerera tinayenda pansi mpaka pa mlatho kudikira galimoto. Bua anali atadzazabe, madzi ofiira akukokolola mabango kupita kunyanja. Bambo anayamba kundifunsa za jekete yoyera imene madokotala amavala, ngati imafika m'mawondo, ngati matumba ake ndi awiri kapena atatu. Ndinawauza kuti nthawi ikadalipo, ichi ndi chiyambi chabe. Iwo anati Inshallah, koma maso awo anali kale pa mapewa anga, akuyeza.

A ku yunivesite ananditenga, ndi thandizo la maphunziro lomwe. Ndinakhala zaka ziwiri mu mzinda wozizira, kumene mpunga wa m'sitolo unalibe fungo lililonse. Kumeneko ndinkalakalaka kwathu mpaka kudwala: kutentha kwa Okutobala, phokoso la makina a bambo, mawu a muadhini woitanira anthu kumzikiti akudutsa pamwamba pa madenga m'bandakucha. Koma m'mawa uliwonse popita ku labotale ndinkadutsa pa khomo la ophunzira udokotala, ndipo ndinkachepetsa liwiro. Ena anali aang'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Ankadandaula za mayeso, akudya mabanzi pa masitepe, osadziwa kuti wina akusirira ngakhale madandaulo awowo.

Ndinakhoza bwino. Ndinafunsira udokotala, ndipo anandiuza kuti malo a anthu ochokera kunja ndi ochepa, ndidikire. Ndinadikira, ndinafunsiranso chaka chotsatira, yankho linali lomwelo. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinatha, ndipo ndinakwera basi kubwerera.

Bambo ndinawapeza pakhonde pomwepo, tsitsi litayera kuposa mmene ndinawasiyira. Titapatsana moni ndi kufunsana za onse, anati, "Ndiye zatsala zaka zingati?"

"Sizinatsale, bambo. Zathera pomwepa."

Anaimitsa makina. Kenako anati, "Mulungu ndiye wodziwa. Wadya?" Anapondanso makina, koma ndinaona kuti pansi pa singano panalibe nsalu.

Ndinalowa ntchito mu labotale ya chipatala, ndipo ndagwira m'zipatala zingapo kuyambira pamenepo. Ndi ntchito yabwino, yandilerera ana, ndipo ndikhulupirira kuti ndaigwira monga ndingathere. Anthu ambiri amene magazi awo ndinawayeza sindinawaone nkhope. Ndimadziwa dzina pa botolo, zaka, ndi wodi.

Nthawi zina zotsatira zikatuluka ndimazitenga ndekha kupita nazo ku wodi, ngakhale alipo oyenera kutero. Ndikafika ndimapeza dokotala atawerama pa bedi, akumvetsera chifuwa cha wodwala, dzanja lina lili pa phewa lake, akumuuza kuti pumani kwambiri, tulutsani. Ndimaima pakhomo kanthawi, pepala lili m'manja, mpaka nesi atandiona nkubwera kudzalilandira.