Mpata wa pa Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, palibe ntchito yaikulu imene khonsolo ya tauni ina ya ku Friesland inayamba osadzera pa desiki ya a Tjeerd Wiersma. Lamulo lake ndi lodziwika: fosholo siikhudza dothi komiti isanasainire chikalata choyambira ntchito. Chikalatacho chimanena cholinga cha ntchitoyo, malire ake, zimene zingaisokoneze, ndiponso amene adzaitsogolere. A Wiersma ndiwo ankachilemba, ndipo ankachilemba bwino kwambiri moti palibe anaganizapo zowapatsa china chochita.

Ankafika pa njinga isanakwane eyiti, kaya kugwe mvula kaya kuwombe mphepo, atanyamula buledi wa tchizi m'kabokosi kamene kanasuluka kalekale. Koma tsiku lotsegulira nyumba kapena msewu watsopano, ojambulidwa pambali pa meya ankakhala ena. A Wiersma ankadula zithunzizo m'nyuzipepala n'kuzisunga m'dirowa, ndipo akakhala okha ankazitulutsa n'kumaziyang'ana.

Kutatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, khonsolo inaganiza zomanganso mlatho wa njinga wa kumudzi kwawo, umene iwo ankawoloka kawiri pa tsiku. Ntchito imeneyi anaifuna ndi mtima wonse kuti aitsogolere okha. Chikalata chake anachilemba masabata asanu. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri anafotokoza mtsogoleri woyenera: wodziwa mudziwo, wodziwana ndi eni mabwato, wokumbukira chaka chimene madzi anasefukira. Pamalo a dzina anasiya mpata. Kwawoko munthu wolongosoka sadzitchula yekha.

“Wawauza kuti ukuifuna?” anafunsa mkazi wawo, Aukje.

“Awerenga. Adziwa.”

“Ngati mmene ndinadziwira ine kuti ukundifuna? Zaka zinayi, Tjeerd, ukungondikonzera njinga! Mpaka ndinachita kukufunsira ndekha.”

Mwambo wa pa ofesiyo unali wakuti chikalata chizizungulira kwa aliyense masiku khumi, yense alembe maganizo ake m'mbali. Mfundo imene palibe waitsutsa masikuwo akatha, imakhala yavomerezedwa. Tsiku lachiwiri, pambali pa mpata uja panaoneka mawu a Jelmer Kooistra, munthu wochokera kumzinda, amene anali asanathe zaka zitatu pa khonsolo: “Ngati palibe wina, ine ndikhoza.”

Anakumana pa makina a khofi.

“Akulu, chikalata chija ndi chakupsa!” anatero Jelmer akuwasisita paphewa. “Ndangotsala kuchiloweza pamtima.”

“Mlathowo unauonako?”

“Pa mapu. Si uja wopapatiza ngati thabwa lositira? Mudzandiperekeze tsiku lina, kapena mawondo ayamba kukana?”

A Wiersma anaseka pang'ono, khofi n'kuwatayikira pa chala. Masiku asanu ndi atatu analipo oti alembe pansi pa mawu a Jelmer kuti, “Wina alipo.” Kanayi konse anawalemba pa kompyuta, kanayi konse anawafufuta. Chimene chinkawadya sichinali Jelmer yekha ayi, koma kupepuka kwa zimene anachita: mawu asanu, mwina akutafuna bisiketi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anapeza njira yowayenera. Pa mndandanda wa zimene zingasokoneze ntchito anawonjezera mfundo ina: “Mtsogoleri wosadziwa dera angathe kukhumudwitsa eni mabwato ndi anthu a m'mudzi, ntchito n'kuima.” Anaipaka mtundu wofiira, umene umatanthauza chiopsezo chachikulu. Sanatchule munthu. Komiti ikawerenga, anaganiza motero, idzadziwa yokha.

Pa msonkhano, mayi Hiske Zijlstra, mkulu wa dipatimenti, anaima pa mzere wofiirawo.

“Mfundo yanzeru iyi, Tjeerd. Jelmer, ukuti bwanji?”

“Ndi zoona zokhazokha,” anayankha Jelmer mosangalala. “Ine kumeneko ngakhale galu sandidziwa.”

“Chabwino. Tsono paja lamulo likuti chiyani, Tjeerd? Unalilemba ndiwe.”

A Wiersma analinena pamtima: “Chiopsezo chilichonse chofiira chikhale ndi mwini wake, ndi njira yochichepetsera.”

“Ndiye mwini wake ndiwe. Palibe wodziwa mudziwo kukuposa. Uzimuperekeza Jelmer pa misonkhano yonse, uzimuuza woyamba kumupatsa moni. Mwamwayi sunapemphe utsogoleri, bwenzi tikusowa womuthandiza.” Anakweza maso. “Kapena unkaufuna? Nena, sitinasainire.”

Anthu asanu ndi awiri anatembenukira kwa iwo. Kunena tsopano kukanakhala kuulula chimene mzere wofiira uja unali.

“Ayi,” anatero. “Zili bwino chonchi.”

Madzulo a tsiku lomwelo anatayipa okha dzina la Jelmer mu mpata uja, poti kukonza chikalata inali ntchito yawo. M'mawa mwake Jelmer anabwera ndi keke ya malalanje kudzakondwerera, ndipo chigawo chachikulu anawapatsa iwo.

Mlathowo unatha pa nthawi yake, eni mabwato sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo aliyense akuti Jelmer ali ndi luso lolankhula ndi anthu akumudzi. Pa chithunzi cha m'nyuzipepala, a Wiersma akuoneka phewa ndi khutu limodzi, kumbuyo kwa meya. Anachidulanso n'kuchiika m'dirowa.

Masiku ano anapuma pa ntchito. Popita kukagula buledi amazungulira makilomita atatu kudzera pa mlatho wa magalimoto, kulambalala watsopano uja. Aukje akawafunsa, amati dokotala anawauza kuti azipalasa mtunda wautali.