Mkonono wa bambo anga sunali nthabwala

Lachiwiri lapitali ndinanyamula mayi wina pa kabaza, kuchoka pa siteji ya Senga Bay kupita ku loji. Pocheza ndinawafunsa za ntchito yawo.

"Ndine dokotala wa tulo."

Ndinaseka mpaka njinga inagwedera. "Tulo timafunanso dokotala, mayi? Ife timangoyala mphasa basi."

Sanakwiye. Anati moyo wawo wonse akhala akuthandiza anthu amene mpweya umawatsekera akagona. Munthu amaliza mkonono, kenako zii, kenako kudzidzimuka ngati watsamwa. Masana amangosinza. Mtima umatopa, tsiku lina n'kuima.

Ndinasiya kupalasa. Amenewotu anali bambo anga.

Kugombe ankawatcha a Injini. Amasinza paliponse: m'tchalitchi, pamaliro, ngakhale pakati pa nkhani. Tsiku lina tinawasiya akulondera usipa umene tinayanika pathandala, mvula inagwa iwo ali mtulo, usipa wonse unaola. Ine, mwana wawo, ndinawakalipira pagulu. Ndinati ndinu aulesi, ndinasiyira sukulu panjira chifukwa cha tulo tanuti. Anangoti, "Mwanawe, ine sindichitira dala."

Chaka chatha anagona osadzuka. Tinati ndi BP, tinaika maliro.

Awerengi, ndi angati kwanuko amene mwawapatsa maina otere? Mlonda akasinza timamuchotsa ntchito. Mwamuna akaliza mkonono timati wadya bwino. Kuchipatala timapita ndi malungo, koma ndani angapite kukanena kuti adokotala, ndimagona koma sindipuma? Anzake angamuseke mpaka Khirisimasi. Ndipo ngati mkonono umapha, bwanji palibe anabwera kuno kudzatiuza? Za kolera amatiuza ndi zimkuzamawu.

Mayi aja anati matendawa ali ndi chithandizo, bola munthu apimidwe msanga. Nditawatsitsa ndinapalasa molunjika kwa achimwene anga, a Yohane. Iwonso amaliza mkonono chimodzimodzi, moti alamu anawasamutsira pabalaza. Ndinawapeza akusoka ukonde, maso ali ofiira.

"Achimwene, tiyeni kuchipatala. Mkonono wanuwo ndi matenda."

"Iwe, kabaza wakuzunguza mutu? Uwu ndi mkonono wa kwathu, wa bambo."

Sindinawakalipire, chifukwa ndikudziwa kumene kukalipa kunandifikitsa. Ndinakhala pansi kuti ndiwafotokozere bwinobwino. Ndisanathe n'komwe, mutu wawo unagwera pachifuwa, ukonde uli m'manja.

Ndiuzeni inu, munthu amene akuseka chimene chikumupha, mumamudzutsa bwanji?