Theka la Chitumbuwa

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi mchombo waukulu. Kwathu ku Mtendere palibe ankadabwa nazo, ana a michombo yotere ali mbwee m'tinjira ta m'komboni. Koma atakwanitsa zaka zinayi, mchombowo unayamba kumatupa n'kulimba ngati ndimu, iye n'kumasanza, kulira mpaka mawu kutha. Adokotala anati pamimba pali kabowo kotulukira matumbo, ndipo tsiku lina akhoza kukanirira kunja osabwereranso. Anati pafunika opaleshoni. Za ana ankapanga Lachiwiri lokha m'mawa, ndipo tinadikira miyezi kuti dzina lake lifike pamndandanda.

Tinagonekedwa Lamlungu. Ndikuti tinagonekedwa chifukwa kuwodi ya ana mayi nawenso umagonekedwa, kungoti bedi supatsidwa. Mwana aliyense amaloledwa womudikirira mmodzi. Ndinasiyira mng'ono wanga tebulo langa la tomato kumsika, n'kunyamula beseni, fulasiki, zitenje zitatu ndi katoni yophwasula yoyala pambali pa bedi. Abambo a mwanayo ankabwera pa nthawi ya alendo yokha, ovolosi ili mbuu ndi simenti, n'kuima kumiyendo kwa bedi ngati munthu wodzafunsira ntchito. Nthawi ikatha, mlonda ankawatulutsa pamodzi ndi azibambo ena onse.

Wodi ili ndi malamulo ake olembedwa pakhoma, koma palinso ena osalembedwa, amene tonse tinachoka nawo kukomboni. Ukapita kukachapa, mnzako wa bedi loyandikana amakuonera mwana. Ndipo sungatsegule fulasiki kapena kontena mwana wa mnzako akukuyang'ana, iwe n'kumatafuna wekha. Umamunyemera kaye. Munthu womana mwana mbiri yake imafika kumpopi iye asanameze n'komwe.

Lolemba madzulo, pabedi la kumanja kwathu panabwera mayi wina wa kukomboni ya George, wobadwira kumigodi, ndi kamwana kake kopsa mwendo ndi madzi otentha. Anali wamtali, wa mawu otsika, Chinyanja chake chosakaniza ndi Chibemba. Tinkangoitanana kuti "ba neba". Iye asanafike, anesi anali atandiuza kale kuti kuyambira pakati pa usiku mwana asalawenso kanthu. Anamata kapepala kumutu kwa bedi, ka zilembo zitatu za Chingerezi. Ine ndinkayesa kapepalako kakwanira, ndiye sindinauze munthu.

M'mawa mwake mwana anadzuka ndi njala, ndipo njala yake ndi ya kwa abambo ake, yosamva kunyengerera. Ndinamusiya akulira n'kuthamangira kumpopi kukatunga madzi omupukutira. Kumpopiko kunali mzere. Pobwera ndinamupeza ali phee, milomo ikunyezimira mafuta, m'manja atafumbata kachidutswa ka chitumbuwa. Ba neba anali kutsuka kapu.

"Enze kulila maningi mwaiche," anatero akumwetulira, kutanthauza kuti mwanayo ankalira kwambiri. "Nampasako hafu chabe, na tiyi pang'ono."

Beseni ndinaliika pansi bwinobwino, chifukwa likanakhala m'manja ndikanamugenda nalo. Ine mtima wanga ndi wapachala, amayi ankanena ndili kamtsikana, ndipo sindinasinthe. Ndinamulozera kapepala kaja n'kumuuza tanthauzo lake. Anakayang'ana, n'kuyang'ana ine, nkhope yake n'kugwa.

"Mayo. Sininazibe."

Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje changa n'kupukuta milomo ya mwana, kenako zala zake chimodzichimodzi. Nyenyeswa za pabulangete ndinazisansa. Ndinkaganiza za miyezi yodikira ija. Ndinkaganiza za mchombo ukulimba tili m'minibasi, magalimoto atathithikana pamsewu. Theka la chitumbuwa n'chiyani? Kunyumba mwanayu amadya ziwiri n'kupemphanso phala.

"Ba neba, munkale chabe zii," ndinamunong'oneza. "Kulibe vamene mwaona."

Posakhalitsa anesi anafika ndi fayilo ndi kamkanjo kobiriwira kovala kuopaleshoni.

"Amake mwana, sanadyeko kalikonse?"

"Sanadye, ba sista."

Ndinayankha maso ali gwa, mmene ndimauzira kasitomala kuti tomatoyu ndi wa lero. Anesi anayamba kulemba. Ndinamva bedi la kumanja likulira, ba neba akuimirira.

"Ba sista, adya. Nine nampasa. Bamake benze kumpopi, sibanaone."

Ndinkayembekezera kuti tikalipiridwa wodi yonse ikumva. Koma anesiwo anangotseka fayilo n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anatifotokozera kuti munthu akagonekedwa tulo ndi mankhwala, chakudya cha m'mimba chimatha kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, mwini wake osatha ngakhale kutsokomola. Anati pofika nthawi yoti chakudyacho chatsika, madokotala adzakhala atamaliza ndi ana. Tidikire Lachiwiri linalo, tili momwemo kuti azimuyang'anira. Pochoka anandiyang'ana nthawi yaitali. Nsonga ya chitenje changa inali yonyowa, ndipo ndikhulupirira anaiona.

Mawu awo ndinawamva, koma mkwiyo unali utanditseka m'makutu. Sabata yonseyo ba neba sindinamulankhule. Akandipatsa moni ndinkayankhira m'mphuno. Popita kukachapa ndinkabereka mwana kumbuyo, chimwana cha zaka zinayi, miyendo ili lendelende, kuti ndisamusiyire iye. Lachisanu mchombo unatupanso, mwana anasanza, adokotala anachita kuubweza ndi zala iye akukuwa. Atachoka ndinatembenukira kumanja.

"Akafa uyu, mukabwele na vitumbuwa vanu pamalilo."

Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iye anapitiriza kutonthoza kamwana kake, kamene anali atangokatsuka bala. Ndinali nditaiwala kuti nayenso sanabwere kudzacheza.

Lachiwiri linalo m'wodi munali bata lachilendo. Nthawi imene mafulasiki amatsegulidwa, masipuni n'kumalira m'makapu, sindinamve kanthu. Amayi ankatuluka mmodzimmodzi kukadyetsera ana awo pakhonde. Amene ana awo sankatha kudzuka ankawadyetsa atatchinga ndi chitenje. Mayi wa bedi la pakhomo anandinong'oneza kuti dzulo lake, ine ndili kochapa, ba neba anayenda bedi ndi bedi kupempha zimenezi. Mwana wanga analirabe njala, koma chakudya sanachione.

Anamuveka kamkanjo kaja n'kumukweza pakabedi ka matayala, ine ndikuyenda pambali nditamugwira chala. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni pali mzere pansi umene mayi sudutsa. Bambo wina wovala chophimba pakamwa anawerama n'kundifunsa funso lomwe lija.

"Sanadye," ndinayankha.

Anamasula chala cha mwana m'dzanja langa mofatsa, chitseko n'kutsekeka. Pamenepo m'pamene zinandilowa. Sabata yapitayo ndikanaima pomwepa, n'kunena mawu omwewa, n'kumupereka ndekha mwana wanga nditamupukuta milomo. Ndipo akanapanda kudzuka, panalibe wina woti ndimuloze chala. Ndinakhala pasimenti n'kulira ngati kuti uthenga woipa wabwera kale.

Abambo ake anali kunja kwa geti, nthawi ya alendo inali isanakwane. Amene anandidzutsa pansipo ndi ba neba. Anali atanditsatira chapatali, atanyamula kamwana kake m'manja kuti mwendo wa bandeji usakhudze kanthu. Anandikhazika pabenchi, iye n'kukhala kumapeto kwake, pakati pathu n'kusiya malo a munthu mmodzi. Tinakhala choncho tikuyang'ana chitseko.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chitseko chitatseguka, anamutulutsa ali mtulo, pamimba atamata bandeji yoyera, kachifuwa kakukwera ndi kutsika. Anesi anati zayenda bwino, adzuka posachedwa. Ndinaika dzanja pamphuno pake kuti ndimve ndekha mpweya, ndipo ndinaumva, wofunda.

Tikubwerera kuwodi kumbuyo kwa kabedi kaja, ndinamugwira ba neba pamkono. Ndinali ndi mawu ambiri, koma anatuluka ochepa.

"Munachita bwino kusanimvela."

Anapukuta maso ndi phewa, poti manja anali ndi mwana.

"Azauka na njala mwaiche. Namusungila phala mu fulasiki." Anayenda pang'ono, kenako anaima n'kundiyang'ana. "Koma niyambe nafunsa ba sista."