Meseji ya a Mabulaketi Inalowa Nyumba Ina

A Mabulaketi ntchito yawo ndi kulemba mapulogalamu a masikelo a m'mafakitale, m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C. Dzina loti Mabulaketi anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti munthuyu chilichonse amachitsekera m'mabulaketi, tizizindikiro totsekera mawu polemba, ngakhale za kumtima. Chikwatiranireni, akazi awo sanamvepo mawu oti "ndimakukondani". Chikondi cha bambowa n'chokonza soketi za magetsi ndi kuthira mafuta mashini osokera basi.

Akazi awowo ndi telala, ali ndi kashopu kodzaza nsalu mpaka kudenga. Mayiwa atatopa ndi kuimbira makasitomala mmodzimmodzi, a Mabulaketi anawalembera pulogalamu yotumiza mameseji zovala zikatha. Anailemba mu Python, chilankhulo chimene achiphunzira kuukulu kuno. Ndiye mtima unawanong'oneza kuti zimene pakamwa pakukanika, makina anene. Pamwamba analemba dzina loti nambala, n'kusungamo nambala ya akazi awo. Pakati, pomwe pulogalamu imazungulira makasitomala onse, aliyense anamutchulanso nambala. Kumapeto analamula kuti meseji yachikondi ipite kwa nambala.

Mu C zimenezi si mlandu. Dzina lobadwira mkati mwa mabulaketi limathera momwemo, la kunja osalikhudza, ngati ana awiri a dzina limodzi okhala nyumba zosiyana. Koma Python pozungulira makasitomala samanga chipupa ayi. Dzina limakhala limodzi lomwelo, wobwera pambuyo amalanda mpando. Izi a Mabulaketi anaziwerengapo ndithu, koma zala zinatsata chizolowezi.

Masana anapita kushopu atavala malaya ositidwa, mtima uli phaphapha, maso ali pa foni ya akazi awo. Foni ili zii. M'malo mwake munalowa kasitomala womaliza, amene dzina loti nambala linathera pa iye, mkulu wa imvi wogulitsa matayala.

"Mayi, ndamva kuti buluku langa latha, zikomo," anatero mkuluyo akuonetsa foni yake. "Koma izi zoti ndimakukondani kuposa tsiku loyamba, ndiye zandidzidzimutsa. Inetu ndili pabanja."

Mayi aja anachita manyazi osowa poyang'ana. A Mabulaketi, thukuta lili kamukamu, anaimirira n'kuyamba kufotokoza za mabulaketi ndi zipupa, koma mkulu uja anawadula pakamwa.

"Achimwene, za zipupazo mukungonditayitsa nthawi. Mawuwa amapita kwa ndani?"

"Kwa mayi awa."

"Nanga mukutumiranji foni, eni ake ali pompano?"

Mayi aja anazimitsa mashini, n'kupinda manja, kudikira. Kothawira kunalibe. A Mabulaketi ananena mawu aja ndi pakamwa pawo. Akazi awo anaseka mpaka misozi, koma misoziyo sinali ya kuseka kokha, inali ya chimwemwe.

"Tabwerezani, bambo a mwana," anatero mushopu muli chete. "Mashiniwa amasokosa, sindinamve."