Teleza Wothyola Nsonga

Chaka chimene mzungu wa esiteti anasiya fodya n'kuyamba kukolola tiyi, amuna a ku Chimaliro anaona zakuda. Manja awo anazolowera masamba akuluakulu a fodya, ndiye madengu awo ankabwezedwa tsiku ndi tsiku chifukwa chodzaza masamba okhwima.

Kapitawo Gudisoni anapeza Teleza, Mlomwe wobwera kuchokera kwa Apwitikizi, akuthyola chigwada kuseri kwa nyumba, akutapa nsonga zokhazokha. Anamulamula kuti akaphunzitse amunawo kuthyola tiyi, ndipo akalephera asamuke pamalo a mzungu pamodzi ndi ana ake.

"Akapitawo, ife tiphunzitsidwe kuthyola ndiwo?" anakalipa a Dauda, mkulu wa gululo. "Mawa mutiveka chilundu!"

Teleza ankangolowa mumzere patsogolo pawo, n'kumathyola pang'onopang'ono masamba awiri ndi kansonga, kuti aziona ngakhale asakufuna. Ena ankalavula akamadutsa, ena ankamuponyera masamba okhwima m'dengu. Iye ankachotsa limodzilimodzi.

Patatha milungu itatu madengu analeka kubwezedwa. Teleza anakalambira pamalopo, koma amuna aja sanam'patsenso moni, ndipo akazi awo analeka kudzapala moto kwake.