Asapiteko

Lachitatu lililonse, ikangokwana 2 koloko masana, a Telala ankavundikira makina awo ndi nsalu, kulowetsa mpando m'sitolo ya eni khonde, n'kuuyamba wa ku sukulu ya zamalamulo. Sikuti ankakaphunzira ayi, iwo ndi sukulu anasiyana kalekale. Kuseri kwa laibulale kunali kachipinda ka bungwe la ophunzira othandiza amphawi pa milandu mwaulere. Munali tebulo limodzi, mipando inayi, ndi kabati yachitsulo yosatseguka popanda kuimenya chibakera. M'kabatimo ndi momwe munkagona fayilo yawo, yonenepa kuposa zonse.

Koma nkhani yake inali yaifupi. Banja litatha, akazi awo anatenga mwana, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, n'kukakwatiwa kudera lina la mzinda womwewo. A Telala atapita kukamuona anabwezedwa pageti kawiri. Kulanda mwana sankafuna. Ankangofuna kumamuona basi.

Oyamba kuwalandira anali ophunzira awiri a chaka chomaliza, mataye pakhosi, changu chokhachokha. Anamvetsera, analemba masamba anayi, kenaka mmodzi anati, "Bambo, pakadali pano musapitekonso. Mukakakangana pageti paja mutiwonongera mlandu. Zisiyeni m'manja mwathu." Atatero analemba pachikuto cha fayilo ndi cholembera chofiira kuti ASAPITEKO.

A Telala anamvera. Nanga ophunzira atalankhula, iwe wa singano ungatsutse chiyani?

Tsono bungwe lija linali ndi kayendetsedwe kake. Wophunzira ankagwira mlandu chaka chimodzi chokha, akamaliza maphunziro n'kusiyira obwera pambuyo. Lamulo lawo linkatinso usanathamangire kukhoti uyambe walemba kalata yoyanjanitsa. Ndiye chaka ndi chaka kunkabwera nkhope zatsopano: "Bambo, tafotokozani kuyambira pachiyambi." Kalata inkapita, yankho osabwera. Pofika poti akasume, mayeso ayandikira, chitseko chatsekedwa, kenaka tchuthi. Chaka china tsiku la kukhoti linapezeka ndithu, koma linagwera pakati pa mayeso, mlandu n'kuimitsidwa. Anawo sanali oipa, ndisawanamizire. Ankawasiyira a Telala mpando wosagwedera, ena mpaka ankalengeza misozi pomva nkhaniyo. Kungoti misozi ya wophunzira imauma tsiku lovala gauni.

Mnzawo wapakhonde, wokonza mawotchi, sankawasiya. "Aloya athu, lero mwapambana?" A Telala ankangoseka n'kupitiriza kuponda makina. Basi yopita kudera la mwana wawo inkaima patsogolo pa khonde lomwelo, kondakitala n'kumakuwa dzina la deralo tsiku lonse ngati akuwaputa dala. Nyengo yotsegulira sukulu ankasoka mayunifolomu a ana a eni, ndipo akamayeza mtsikana wina mapewa ankadziuza mumtima kuti wanga wafika apa tsopano. Akaweruka ankabwerera kuchipinda chawo, komwe mpando wachiwiri anaunjikapo zidutswa za nsalu poti unalibe woukhalira. Kunena zoona, ankaliyembekezera Lachitatu. Kachipinda ka kuseri kwa laibulale ndi kokhako komwe munthu ankawafunsa za mwana wawo.

Chaka cha khumi ndi chimodzi fayilo inagwera mtsikana wina wowonda, amene anzake ankamutcha Mafunso. Ameneyu sanawauze kuti afotokoze kuyambira pachiyambi. Anali atawerenga yekha, tsamba ndi tsamba. A Telala atalowa anamupeza ali ndwii, fayilo ili yotsegula patebulo.

"Bambo, chiletso cha khoti chija muli nacho kunyumba?"

"Chiletso chanji, mayi?"

"Chokuletsani kupita kwa mwana."

"Ine sindinapatsidwepo pepala. Anangondiuza anzanu oyamba aja."

Mafunso anagwira pakamwa. Anafotokoza mwapang'onopang'ono. Anali atafufuza m'kabati monse, anakafunsanso kukhoti, koma chiletso kunalibe. Gulu lililonse likaona mawu ofiira aja linkangoti ndi lamulo la woweruza. Chikuto chikang'ambika ankagula china, n'kukoperapo mawuwo mosamala, ena mpaka kudula mzere kunsi kwake.

"Palibe khoti linakuletsani, bambo. Tinakuletsani ndife. Anali malangizo a masabata ochepa chabe."

A Telala anayang'anitsitsa fayilo ija.

"Pali chinanso," anatero Mafunso, maso ali patebulo. "Mwana wanu anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mwezi watha. Khoti silingalamulenso kuti muzimuona, ndi wamkulu. Fayiloyi tiyenera kuitseka. Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

Mtima unawawawa, unawawawa zedi. Anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Owalangiza aja anali maloya akuluakulu tsopano, kaya kuti. Patsogolo pawo panali mwana wa eni yekhayu, amene kulakwa kwake kunali kuwerenga. Ndipo pansi pamtima ankadziwa kuti mawu ofiira aja ankawapumitsako, chifukwa geti lija ankaliopa.

"Ndiye Lachitatu ndisabwerenso?"

"Ife tilibenso chokuchitirani. Pitani mukagogode, bambo."

Loweruka m'mawa anasita malaya, anameta ndevu, nakwera basi ija koyamba. Ulendo wake mphindi makumi awiri zokha, abale inu! Anatsika akuyeseza mawu, anawasintha, anawayesezanso. Geti linali lomwe lija, kungoti analipaka utoto wina. Anagogoda.

Anatsegula ndi namwali wamtali, manja ali thovu lokhalokha, akuchokera kochapa. Chipumi chinali cha malemu amayi awo a Telala, osachita kufunsa. Mawu onse oyeseza aja anathawa. Anangovula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

Namwaliyo anawayang'ana mwaulemu, anayang'ana imvi, malaya osita, nsapato, ngati mmene munthu amayang'anira wofunsa njira.

"Tikuthandizeni?"

Anadikira pang'ono. Ataona kuti mlendo sakuyankha, anapukutira manja m'siketi, natembenukira kunyumba.

"Amayi! Kwabwera munthu kuno."