Kiyi wa Kalavani Yathu

Amuna anga atagula kalavani yakale ku Balbriggan, kuno ku Ulaya kumene timakhala, ndinakalipa sabata yathunthu. Munthu wamkulu, wa ana awiri, n'kukagula kanyumba ka matayala ati tizikagonamo pa holide!

Chaka chilichonse kuzizira kukayamba, ankaikweza pa majeke kuti matayala asawonongeke ndi kukhala malo amodzi. Ine ndinkagwada kugwira thabwa pansi pa jeke iwo akupukusa, uku tikukangana kuti mbali yakwera kwambiri ndi iti. Pomaliza ankamanga loko yachikasu pa tayala kuopa akuba, kiyi n'kuponya m'thumba lam'kati la jekete lawo lakutchalitchi, ati m'menemo sangasowe.

Chaka chatha tinachitanso chimodzimodzi, mvula ikuwaza, ine ndikudandaula maondo. Iwo anangoseka. "Pirirani mayi, tidzaitsitsa mu Epulo."

Anamwalira mu Febuluwale. Anzathu akutchalitchi anatithandiza kutumiza maliro kumudzi, ndipo zowaveka ndinasankha ndine. Jekete lija ndinalipereka kuti awaveke, osapisa m'thumba.

Epulo atakwana, alamu anga anabwera kuti titsitse kalavaniyo, tiigulitse. Tinasakasaka kiyi nyumba yonse mpaka ndinakumbukira, n'kungokhala pansi pakhonde. Alamu anati palibe vuto, akabwereka makina odulira zitsulo.

"Alamu," ndinatero, "loko imeneyo anamanga ndi achimwene anu ndi manja awo. Musaikhudze."

Mpaka lero kalavani ija ili pa majeke, udzu wamera kuzungulira matabwa. Kiyi wake ali m'manda ku Ntcheu.